Ahedi, zotsatira za Sitandade 8 zatuluka: muyambire pati?

Zotsatira za mayeso a PSLCE zikangolengezedwa, sukulu iliyonse ya boma imasanduka nambala. A MANEB amatchula maboma amene achita bwino ndi amene atsalira m'mbuyo, ofesi ya zamaphunziro ya m'boma imaika mazoni pa mndandanda, a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni, nawonso amayala sukulu zawo pa khoma la ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni. Makolo alibe nazo ntchito za maperesenti. Funso lawo ndi limodzi: asankhidwa angati, ndipo apita kuti? Mphunzitsi wamkulu amene sukulu yake ili pansi amadziwiratu zimene zikubwera: kuitanidwa kuti akalongosole, mawu olasa pa msonkhano wa makolo, mwinanso kalata yomusamutsa.

Malangizo awa ndikulembera inu ahedi a sukulu za pulayimale za boma, achiwiri anu ndi a komiti ya sukulu, makamaka kumene zotsatira zakhala zikuvuta. Peresenti ya okhoza imakwera m'njira ziwiri: mwina ana adziwe zambiri kuposa kale, kapena sukulu ichenjere pa kawerengedwe. Njira yachiwiriyi ndi yachangu, ndipo kulikonse kumene boma layamba kuweruza sukulu potengera mayeso, anthu aithamangira. Zimene ndalemba pano ndi za njira yoyamba ija, imene imafuna zaka ziwiri kapena zitatu kuti ioneke bwino pa pepala la MANEB.

Choyamba: tsegulani kaundula musanayang'ane peresenti

Musanaitanitse msonkhano uliwonse, khalani pansi ndi pepala la zotsatira, kaundula wa Sitandade 8 wa ana amene alembawo, ndi kaundula wa chaka chimene ana omwewo anali mu Sitandade 7. Tulutsanimo manambala anayi: anali angati mu 7, analowa angati mu 8, analemba angati, akhoza angati. Anyamata paokha, atsikana paokha.

Tiyerekeze sukulu ziwiri zoyandikana, iliyonse inali ndi ana 80 mu Sitandade 7. Yoyamba inabwezera ofooka onse, inalembetsa ana 45, ndipo 42 akhoza. Pa khoma la ku TDC alembapo 93 peresenti, anthu n'kuomba m'manja. Yachiwiri inalembetsa ana 72, akhoza 54. Iyo yapeza 75 peresenti ndipo ahedi ake akufunsidwa mafunso. Komatu sukulu yachiwiriyi yatulutsa ana 12 okhoza kuposa inzake ija. Nanga ana 35 amene sanalembe pa sukulu yoyamba aja ali kuti? Ena akubwereza kachitatu, ena ali pa kabaza, ena anakwatiwa.

Si nkhani ya kuno kokha. Dziko la Tanzania litayamba kuika sukulu pa mndandanda poyera mu 2013, pa ndondomeko ya Big Results Now, ofufuza anapeza kuti sukulu zina zimene zinali pansi zinakweza malikisi pochepetsa ana olowa m'mayeso. Ku America, lamulo la No Child Left Behind limene George W. Bush anasaina mu Januwale 2002 linali ndi zolakwika zake zambiri, koma pamenepa linatseka khomo: sukulu inkayenera kulembetsa ana osachepera 95 mwa 100 aliwonse, ndipo zotsatira za ana osauka, olumala ndi a mitundu yosiyanasiyana zinkaonetsedwa pazokha kuti asabisike m'gulu. Inu dziikireni lamulo lotere panokha. Nambala yoti muzidziyesera nayo ikhale iyi: mwa ana amene anali mu Sitandade 7, ndi angati amene atenga satifiketi?

Mukatha apo, yalani zotsatira za zaka zitatu phunziro ndi phunziro: Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi, maphunziro a zachikhalidwe ndi zachipembedzo, ndi zaluso ndi maluso a moyo. Chaka chimodzi chokha chimanamiza, chifukwa pamakhala kalasi ina yakuthwa mwachibadwa, ina yovuta. Koma phunziro limene lakhala pansi zaka zitatu zotsatizana likukuuzani zinazake. Funsaninso a PEA malipoti amene akuluakulu ochonga mayeso a MANEB amalemba. M'menemo amatchula mitu imene ana ambiri amagwerapo ndi mmene amalakwitsira.

Chachiwiri: pezani ana amene sadziwa kuwerenga

Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndiye ndichedwapo.

Mwana amene walephera Sayansi mu Sitandade 8 kawirikawiri sanalephere Sayansi. Walephera kuwerenga funso. Anadutsa Sitandade 2 asakutha kulumikiza maphatikizo, anadutsa 3 ndi 4 atabisala kumbuyo kwa kalasi ya ana 120, anafika mu 5 n'kupeza kuti zonse zasanduka Chingerezi, ndipo kuyambira pamenepo wakhala akungokopera za pa bolodi osamva kanthu. Kumupatsa mapasipepala mu teremu yomaliza sikungamuchiritse. M'mera mpoyamba.

Konzani sabata imodzi yoyesa mwana aliyense wa Sitandade 3 mpaka 5, payekhapayekha. Simukusowa makina. Lembani pa khadi zinthu zinayi: malembo khumi osakanizika, mawu khumi afupiafupi monga *mudzi*, *nkhuku*, *phala*, ndime ya ziganizo zinayi, ndi kankhani ka mizere isanu ndi itatu kokhala ndi mafunso awiri. Mwana ayambire pa ndime. Akawerenga bwino, apite ku nkhani. Akakakamira, atsikire ku mawu. Akalepheranso, ku malembo. Mphindi zisanu zimakwana. Pamapeto mwana aliyense agwera pa limodzi mwa magulu asanu: wosadziwa ndi lembo lomwe, wa malembo, wa mawu, wa ndime, wa nkhani.

Musagwiritse ntchito buku la m'kalasi poyesa. Ana ambiri analiloweza poliimba pamodzi. Mudzaona mwana "akuwerenga" tsamba lonse mosadodoma, chala chili pa mzere wina, maso ali pa inu. Mulozereni liwu limodzi pakati pa tsambalo, adzangoti duu. Ndiye lembani ndime yanuyanu, yoti sanaionepo.

Masamu chitaninso chimodzimodzi: kuzindikira manambala, kuphatikiza, kuchotsa kobwereka monga 52 kuchotsa 17, kuchulukitsa, kugawa. Mwana akalemba 45 pa samu imeneyi, mwadziwa kale vuto lake: akungochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, 7 kuchotsa 2, osaganiza za kubwereka.

Njira yoyesa ndi kugawa ana motereyi inachokera ku bungwe la Pratham la ku India. Anansi athu a ku Zambia anaitenga mu 2016 n'kuitcha Catch Up, ndipo pakati pa maboma amene anayambirako panali Chipata ndi Katete, kumene ana amaphunzira m'Chinyanja. Mtima wake ndi wosavuta: kwa ola limodzi pa tsiku, ana asakhale potengera kalasi yawo koma potengera pamene afika. Wa Sitandade 5 amene ali pa malembo akhale ndi wa Sitandade 3 amene ali pa malembo. Gulu limenelo lisewere ndi makadi a maphatikizo, kupanga mawu, kulemba pansi ndi kamtengo. Gulu la nkhani liwerenge ndi kukambirana. Pa masamu, timitengo tomangidwa khumikhumi ndi zitsekerero za mabotolo zimaphunzitsa kubwereka bwino kuposa choko: mwana amamasula yekha mtolo wa khumi kuti achotse 7.

Pali zinthu zitatu zimene zimapha ndondomekoyi. Choyamba ndi kutcha magulu mayina onyoza. Mwana wamkulu akangomva kuti ali m'gulu la mbuli, mawa sabwera. Apatseni mayina a mitsinje kapena a mapiri. Chachiwiri ndi kusiya mwana m'gulu limodzi chaka chonse. Yesaninso pakatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo amene wakwera asamuke tsiku lomwelo. Chachitatu ndi kuika olali madzulo ana ataweruka, ali ndi njala, aphunzitsi atatopa. Likhazikeni m'mawa kapena nthawi imene mwagwirizana ndi a PEA, lilembedwe pa taimutebulo ngati phunziro lina lililonse.

Manambala a magulu asanu aja akhomeni mu ofesi mwanu. Ndiwo adzakhale umboni wanu pamene zotsatira za MANEB zisanayambe kusintha.

Chachitatu: gawaninso aphunzitsi

Chizolowezi cha sukulu zambiri n'chodziwika. Aphunzitsi atatu kapena anayi amphamvu onse ali mu Sitandade 8, ana 40, chipinda chabwino, madesiki onse. Sitandade 1 ili pansi pa mtengo, ana osawerengeka, mphunzitsi mmodzi, kawirikawiri amene ahedi akuona kuti kwina sangathandize. Kuyambira 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi a m'munsi ndi amene amasefukira, ndipo mlingo wa boma wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi sukulu zambiri zimangoumva.

Simungalembe ntchito aphunzitsi atsopano, koma amene muli nawo mungawagawe mwanzeru. Mphunzitsi amene amadziwa bwino kuphunzitsa kuwerenga apite ku Sitandade 1 kapena 2, ndipo mumuuze poyera, pamaso pa anzake, kuti mwamuika kumeneko chifukwa ndi katswiri. Ambiri amakuona ngati kutsitsidwa, choncho mawu anu ndi ofunika. Ana a m'munsi amaweruka msanga. Aphunzitsi awo angathandize gulu limodzi la kuwerenga kapena kuchonga makope a m'makalasi apamwamba, ndipo a m'makalasi apamwamba amene ali ndi mapiriyodi opanda kanthu m'mawa atsikire kukagawana kalasi yaikulu ija.

Mabuku a National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, ntchito yake si kukhala m'makatoni mu ofesi poopa kuti ang'ambika. Buku long'ambika m'manja mwa mwana lagwira ntchito yake. Akutireni ndi mapepala a matumba a simenti kapena a shuga, lembani manambala, kholo lisaine, mwana azipita nalo kunyumba.

Chachinayi: bwezani nthawi imene ikutayika

Tengani sabata imodzi muzingoyendayenda ndi wotchi, osakalipira munthu. Lembani nthawi imene piriyodi yoyamba yayambadi, makalasi amene alibe mphunzitsi, ndi ana amene ali panja pa chibalo. Piriyodi imodzi ya mphindi 35 ikamatayika tsiku lililonse, pa masabata 12 ndiye kuti mapiriyodi 60 apita, mitu ingapo ya silabasi. Onjezerani sabata yoyamba ya teremu imene imathera kusesa ndi kulembetsa, masiku a malipiro, maliro, ndi masabata omaliza pamene aphunzitsi ali pa kuchonga ana akungosewera.

Zambiri mwa izi zili m'manja mwanu. Asembule ikhale yaifupi. Mwana wochedwa alowe m'kalasi, chibalo akagwire ataweruka. Kumutuma kukatchetcha nthawi ya Masamu n'kumulanga kawiri, ndipo kachiwiriko mukudzilanga nokha. Ku maliro a m'mudzi kupite nthumwi ziwiri, osati aphunzitsi onse. Masikimu akhale okonzeka sukulu isanatsegulidwe kuti kuphunzitsa kuyambe Lolemba loyamba. Mphunzitsi amene akudziwa kuti mawa kulibe asiye ntchito yolembedwa kwa mnzake.

Kujomba kwa ana kuli ndi nyengo zake, ndipo kaundula adzakuonetsani: tsiku la msika, miyezi ya njala ya Januwale mpaka Malichi pamene ana amapita ku ganyu, nthawi yokolola, nthawi ya chinamwali, masiku amene mtsinje wadzaza. Mwana akajomba masiku atatu otsatizana, dzina lake lifike kwa amayi a mother group tsiku lachinayi, asadikire kutha kwa mwezi. Za chinamwali kambiranani ndi mafumu chaka chisanayambe kuti zichitike pa holide. Atsikana akuluakulu amajomba akakhala kumwezi ngati palibe chipinda chosinthira, madzi ndi sopo. Zimenezi si zodula kwambiri. Mtsikana amene anasiya chifukwa cha mimba ali ndi ufulu wobwerera akabereka, ndondomeko imeneyi ilipo kuyambira 1993, ndiye mulondoleni. Kumene kuli phala, kaya la Mary's Meals kaya la makolo eni ake, liphikidwe m'mawa kuti likoke ana kufika msanga, ndipo mzere wake usadye piriyodi.

Chachisanu: mock ikuphunzitseni kanthu

Sukulu zambiri zimalembetsa mock ya zoni, kuchonga, kuwerenga mayina pa asembule kuyambira nambala wani mpaka womaliza, basi nkhani yatha. Ndalama za makolo zapita, chimene mwaphunzirapo palibe kupatula zimene mumadziwa kale, kuti uje ndi wanzeru, uje ndi wofooka.

Chitani izi m'malo mwake. Tengani pepala lalikulu, mayina a ana mutsitse kumanzere, manambala a mafunso muyale pamwamba. Pa funso lililonse chongani kapena ikani mtanda. Mukatha, musawerenge chopingasa ayi, werengani chotsitsa. Mudzapeza kuti funso 14 alakwa ana 48 mwa 60. Limenelo si vuto la ana, ndi mutu umene sunamveke kapena sunaphunzitsidwe n'komwe. Kenako onani yankho lolakwa limene ambiri asankha. Ngati pa 1/2 kuphatikiza 1/3 ambiri alemba 2/5, akuphatikiza zapamwamba pazokha ndi zapansi pazokha. Mawa lake mphunzitsi abwere ndi pepala, alipinde pawiri, lina alipinde patatu, ana aone ndi maso kuti theka lokha ndi lalikulu kale kuposa 2/5, ndiye yankholo silingatheke. Pakatha sabata, funso lofanana nalo libwerenso.

Ntchito imeneyi ichitike pa msonkhano wa aphunzitsi onse, osati a Sitandade 8 okha, chifukwa mafulakishoni amene agwetsa ana mu 8 anayambira m'makalasi a m'munsi. Mphunzitsi wa Sitandade 5 akaona mzere wa mitanda uja, amadziwa yekha choti akakonze. Koma samalani kayendetsedwe kake: mukangousandutsa bwalo la milandu, teremu yotsatira mudzalandira mapepala ochongedwa mokomera.

Mayeso aakulu asachuluke. Mock imodzi kapena ziwiri zakwana. Chimene chimathandiza kwambiri ndi timafunso tisanu kumayambiriro kwa phunziro, mabuku atatsekedwa: tiwiri ta dzulo, tiwiri ta sabata yatha, kamodzi ka teremu yatha. Mwana akamavutikira kukumbukira yekha, zinthu zimakhazikika kuposa kungowerenganso manotsi. Ana asinthane makope n'kuchongerana pomwepo, mphunzitsi asasenze mtolo kupita nawo kunyumba.

Chachisanu ndi chimodzi: Chingerezi cha mafunso

Mapepala onse kupatula Chichewa amabwera m'Chingerezi. Pali ana amene samu amaitha bwinobwino mukawafotokozera m'Chichewa, koma akaona *how many more*, *altogether*, *difference* kapena *remainder* sadziwa kuti achotse kapena aphatikize. Enanso sasiyanitsa *state*, *explain* ndi *describe*, ndiye pofunika chiganizo amalemba liwu limodzi, pofunika liwu limodzi amataya mphindi zisanu. Kaliwu koti *not* kapena *except* m'funso losankha yankho kamagwetsa ana ochuluka zedi.

Sonkhanitsani mawu oterewa kuchokera m'mapasipepala a zaka zingapo, muwakhome pa khoma kuyambira Sitandade 5, ndipo mphunzitsi aliyense, kaya wa Ulimi kaya wa Masamu, aziwagwiritsa ntchito pofunsa. Kufotokoza mfundo yovuta m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka si tchimo. Cholakwika n'kuthera pomwepo. Mwana amve m'chiyankhulo chake, kenako anene ndi kulemba yekha m'Chingerezi. Chimangirizo ndi kalata zilembedwe sabata iliyonse m'ziyankhulo zonse ziwiri, ngakhale zazifupi, ndipo mphunzitsi asadzaze tsamba ndi inki yofiira: asankhe cholakwa chimodzi kapena ziwiri, mwana alembenso.

Kuzolowera kaonekedwe ka pepala la mayeso n'kofunika, koma ndi ntchito ya masabata ochepa: kulemba nambala ya mayeso molondola, kuwerenga malangizo, kugawa nthawi, kudumpha funso lovuta n'kudzalibwerera. Kusandutsa chaka chonse cha Sitandade 8 kukhala mapasipepala okhaokha kumabala ana oloweza mayankho, amene funso likangotembenuzidwa pang'ono amasokonezeka.

Chachisanu ndi chiwiri: musasankhe ana oti muwathandize

Aphunzitsi a ku America, atapanikizidwa ndi lamulo lija lofuna kuti pofika 2014 mwana aliyense akhale atafika pa mlingo, anatulukira nzeru ina: kusiya anzeru chifukwa akhoza okha, kusiya ofooka kwambiri chifukwa sangakhoze, n'kuika mphamvu zonse pa amene ali pafupi ndi mzere wokhozera. Peresenti inkakwera, ana a pansi n'kumatsalira. Lamulolo analisintha mu Disembala 2015. Kwathu kuno matendawa amabwera mwa mtundu wina: mphamvu zonse zimapita kwa ana asanu kapena khumi amene angasankhidwe kupita ku sukulu za national kapena zogonera za m'boma, chifukwa mayina amenewo ndi amene amamveka m'mudzi. Iwo amakhala kutsogolo, amalandira mabuku, amaitanidwa ku patitaimu.

Malo a Fomu 1 ndi ochepa kuyerekeza ndi ana okhoza, zimenezo si inu mungazithetse. Koma mwana amene apite ku CDSS, sekondale yoyendera ya m'dera, ngakhale amene sasankhidwa n'komwe, akufunikabe kutuluka akudziwa kuwerenga kalata ndi kuwerengera ndalama. Gawani kalasi ya 8 m'magulu atatu potengera pepala la mitanda lija, gulu lililonse likhale ndi ntchito yoliyenera ndi nthawi yake ndi mphunzitsi. Maphunziro owonjezera akhale aulere, chifukwa olipiritsa amasiya panja ana omwewo amene akuwasowa. Za kugoneka ana pasukulu mayeso akayandikira, ine sindizilimbikitsa. Ngati makolo aumirira, pakhale amayi ogona ndi atsikana, chakudya chokwanira, ndi chilolezo cha ku ofesi.

Chachisanu ndi chitatu: komiti, makolo ndi ndalama za SIG

Polemba pulani yotukulira sukulu, yambani ndi manambala a kuwerenga aja. Makolo akamva kuti mwa ana 90 a Sitandade 4 ndi 30 okha amene angawerenge kankhani, amadzidzimuka kuposa mmene amachitira ndi peresenti ya MANEB, ndipo amayamba kufunsa choti achite. Auzeni chinthu chimodzi chotheka ngakhale kwa kholo losaphunzira: madzulo alionse mwana awerenge mokweza kwa mphindi khumi, kholo limvetsere. Ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, ndi zochepa ndipo zimachedwa, choncho zisathere pa penti ndi ma alawansi a misonkhano. Choko, mapepala a makadi, mabuku owerenga, kukonza bolodi lofufutika, mphunzitsi wothandizira ngati malamulo ake akulola: zimenezi zikhale patsogolo. Mmene zagwiritsidwira ntchito mukhome panja poti aliyense aone.

Chachisanu ndi chinayi: likasa ayi

Chaka chimene mwapanikizika kwambiri ndi chimene wina adzakunong'onezeni kuti pali njira. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira pa mafoni, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa, analembanso mu Januwale 2021. Ku Atlanta, ku America, kafukufuku wa boma wa mu 2011 anatchula aphunzitsi ndi ahedi 178 a m'sukulu 44 kuti ankafufuta mayankho olakwa a ana n'kulembapo olondola. Anagwidwa chifukwa kufufutako kunachuluka mopitirira muyeso, ndipo pafupifupi konse kunali kochoka pa cholakwa kupita pa cholondola. Mu 2015 khoti linapeza 11 mwa iwo olakwa, ena anapita kundende. Ana amene "anakhoza" aja anataya thandizo limene akanalandira, popeza pa pepala ankaoneka kuti alibe vuto.

Nenani poyera kwa aphunzitsi, ana ndi makolo kuti pasukulu panu palibe chopereka cha "kusangalatsa" oyang'anira mayeso, palibe kulemba mayankho ku chimbudzi, palibe kulowetsa mwana wa ku sekondale kuti alembere mnzake. Ndipo inu musalonjeze mphotho kapena chilango kwa mphunzitsi potengera peresenti yokha ya kalasi yake, chifukwa pamenepo ndi pamene mayesero amayambira. Yamikirani amene wasamutsa ana ambiri kuchoka pa malembo kufika pa nkhani, ngakhale dzina lake silidzatchulidwa zotsatira zikatuluka. Zolembetsa mayeso nazonso zitsatireni nokha: mayina, zithunzi ndi masiku obadwa zitsimikizidwe nthawi isanathe, kuti mwana asakhale panja chifukwa cha cholakwa cha mu ofesi.

Pokaonana ndi a PEA kapena oyendera sukulu

Oyendera sukulu amagwiritsa ntchito miyezo 26 ya National Education Standards ya mu 2015, ndipo zotsatira za mayeso ndi gawo chabe la zimene amayang'ana. Amaonanso kaphunzitsidwe, kujomba, chitetezo cha ana ndi utsogoleri. Musapite kukadandaula chimanjamanja, musapitenso ndi faelo yonenepa. Tengani tsamba limodzi lokhala ndi manambala anayi a Sitandade 7 mpaka kukhoza, anyamata ndi atsikana. Magulu a kuwerenga ndi masamu pa kuyesa koyamba ndi kwaposachedwa. Mitu itatu imene mock yaonetsa kuti ikuvuta ndi tsiku limene munaiphunzitsanso. Ndi chiwerengero cha ana pa mphunzitsi m'kalasi iliyonse.

Auzeniretu kuti chaka choyamba peresenti ikhoza kutsika, popeza mwasiya kubwezera ofooka ndipo olemba achuluka. Ndi bwino amve kwa inu mu Okutobala kusiyana n'kudzadzidzimuka zotsatira zitatuluka. Kenako pemphani chinthu chimodzi chodziwika: mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 2, kapena maphunziro a tsiku limodzi ku TDC a kaphunzitsidwe ka mafulakishoni, kapena kuti aphunzitsi anu awiri akaonerere phunziro pa sukulu ya m'zoni momwemo imene Chingerezi chimayenda bwino. Pemphaninso kuti pa khoma la ku TDC, pambali pa peresenti ya okhoza, awonjezere mzere wa chiwerengero cha ana amene analemba poyerekeza ndi amene anali mu Sitandade 7, pa sukulu zonse za m'zoni.